Ozimitsa moto amene adayamba kugogoda m'makomo

Mu 1999 ozimitsa moto a m'chigawo cha Merseyside, kumene kuli mzinda wa Liverpool ku England, adayamba ntchito imene kale sinkawerengedwa kuti ndi yawo. M'malo mongokhala pa siteshoni kudikira lamya, ankaimika galimoto kumayambiriro kwa msewu n'kumayenda khomo ndi khomo. Mwini nyumba akawalola kulowa, ankaona mmene amaphikira, mmene adalumikizira magetsi, pamene amakonda kusutira fodya, ndi khomo limene angatulukire moto utabuka usiku. Pochoka ankamumangirira kudenga alamu ya utsi, kachipangizo kamene kamalira mwamphamvu kakangomva utsi. Zonsezi ankachita ulere.

Lero ntchitoyi ikuchitika m'dziko lonse la England, ndipo pazaka zambiri nyumba zoyenderedwa motere zakhala zikuposa 500,000 pachaka. Nkhani yake ndi yofunika kwa aliyense wokhala m'tauni, chifukwa ikuonetsa kuti wozimitsa moto amapulumutsa anthu ambiri ngati anthuwo akumudziwa, akumukhulupirira, ndipo amamutsegulira chitseko moto usanayake.

Utsi sudikira galimoto

Chimene chidawatulutsa pa siteshoni ndi zimene ankapeza akafika pamalo angozi. Anthu ambiri ofa ndi moto wa m'nyumba amaphedwa ndi utsi, malawi asanawafike n'komwe. Sofa kapena matiresi zikayaka zimatulutsa utsi wapoizoni umene umadzaza chipinda m'mphindi zochepa, ndipo munthu amene ali m'tulo amakomoka osadzuka. Galimoto yozimitsira moto ingathamange bwanji, nthawi zambiri imapeza zinthu zitatha kale.

Adaonanso kuti imfazi sizinkagwa mwachisawawa. Ankafa kwambiri ndi okalamba okhala okha, anthu a ulumali, osuta fodya pabedi, oledzera, odwala amene amamwa mankhwala ogonetsa, ndi mabanja osauka. Ku England pafupifupi theka la moto wangozi wa m'nyumba umayambira pophikira, koma umene umapha anthu ambiri ndi woyamba ndi ndudu. Ozimitsa moto adazindikira kuti ngati mtundu wa anthu amene akufa ukudziwika, n'zotheka kuwafikira tsoka lisanawagwere.

Boma nalo lidatsatira. Mu Disembala 2002, pa nthawi imene ozimitsa moto ankanyanyala ntchito pofuna kuwonjezeredwa malipiro, komiti yotsogoleredwa ndi Sir George Bain idatulutsa lipoti lonena kuti nthambizi ziike mtima pa kupewa moto. Mu 2004 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano limene lidapanga ntchito yophunzitsa anthu kupewa moto kukhala udindo wa nthambi iliyonse. Kuyambira pamenepo kuyendera anthu kudasiya kukhala chifundo chabe cha mkulu wa siteshoni.

Amene satsegula chitseko

Vuto lidali lakuti anthu amene ali pachiopsezo chachikulu ndi omwenso satsegulira mlendo wovala yunifolomu. Gogo wokhala yekha amaopa akuba onamizira kuti ndi aboma. Munthu wadzaza nyumba ndi katundu mpaka kudenga amachita manyazi. Wobwera kuchokera kudziko lina, amene kwawo yunifolomu imatanthauza chindapusa kapena kumangidwa, amangosuzumira pawindo n'kukhala chete.

A ku Merseyside adathana nazo polemba ntchito anthu ochokera m'magulu omwewo. Ku Liverpool kuli anthu ambiri ochokera ku Somalia, ku Yemen ndi ku China, ena a iwo makolo awo adafika kalekale ngati amalinyero. Nthambiyo idalemba anthu olankhula Chisomali, Chiarabu ndi Chitchaina, komanso ena odziwa chinenero chamanja ndi ena ozolowera kucheza ndi okalamba. Anthuwa sankazimitsa moto. Ntchito yawo idali yopita kumizikiti, kumatchalitchi ndi kumalo kumene anthu amasonkhana, kukafotokoza cholinga cha maulendowo, kenako kuperekeza ozimitsa moto m'nyumba za anthu amene avomera.

Mfundo ina imene idathandiza ndi yakuti ulendowu si wofufuza milandu. Mwini nyumba ali ndi ufulu wokana. Akapezeka kuti wabaya zipangizo zambiri pa soketi imodzi salipitsidwa chilichonse, amangolangizidwa. Wosamva amapatsidwa alamu yakeyake, yokhala ndi getsi lophethira komanso kachipangizo kogwedera kamene amaika pansi pa pilo. Wodwala amene sangathe kudzuka koma akukanika kusiya fodya amapatsidwa zofunda zosagwira moto msanga, m'malo momukalipira. Mayi amene mwamuna wake wakale wamuopseza kuti amuotchera nyumba amamutsekera kabowo ka pachitseko kolowetsera makalata, poopa kuti wina angathirirepo petulo. Munthu akathandizidwa motere amauza mnzake, ndipo khomo lotsatira limatseguka mosavuta.

Mutu umodzi susenza denga

Ozimitsa moto paokha sangadziwe nyumba imene muli gogo wayamba kuiwalaiwala mphika pamoto. Amene amadziwa ndi namwino woyendera odwala, wogwira ntchito zosamalira anthu kukhonsolo, mwini nyumba za lendi, wapolisi wa m'dera ndi anansi. Choncho nthambizi zidapangana ndi anthu amenewa kuti akaona nyumba yokayikitsa azidziwitsa ozimitsa moto, mwini wake atavomera. Makampani operekera mpweya wa okosijeni kwa odwala a kunyumba nawonso amadziwitsa nthambi ya m'deralo, chifukwa mpweyawu umakolezera moto koopsa.

Mu 2015 mgwirizanowu udakula. Akuluakulu a ozimitsa moto adasainirana ndi bungwe la zaumoyo la NHS England, bungwe la makhonsolo, komanso bungwe loona za okalamba la Age UK. A zaumoyo adayamba kupereka maadiresi a anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo kuti ozimitsa moto adziwe koyambira. Maulendo aja adapatsidwa dzina latsopano lakuti Safe and Well. Tsopano wozimitsa moto akalowa m'nyumba amaonanso ngati pali kapeti yoti ingamugwetse gogo, ngati m'nyumbamo mukuzizira kwambiri nyengo yachisanu, ndi ngati mwini wake ali ndi womuchezera. M'madera ena, monga Cheshire, ankakumbutsanso anthu kukayezetsa khansa ya m'matumbo.

Poyamba zingaoneke ngati kusakaniza ntchito, koma nzeru yake ndi yomveka. Gogo amene angagwe n'kuthyoka mwendo ndi yemweyo amene sangathe kuthawa utsi. A zaumoyo adaonanso kuti pali anthu amene amakana kupita kuchipatala koma wozimitsa moto amamulandira, choncho mbali zonse ziwiri zidapindula.

Anyamata ogenda

Si kulikonse kumene ozimitsa moto ankalandiridwa. M'madera ena osauka a mizinda ya Britain achinyamata ankaotcha magalimoto otayidwa ndi zinyalala, kapena kuimba lamya yabodza, ndipo ozimitsa moto akafika ankawagenda. Zimenezi zimachuluka chakumayambiriro kwa Novembala, pamene anthu kumeneko amakhala ndi mwambo woyatsa moto waukulu ndi kuphulitsa makombola achisangalalo.

Mu 2002 nthambi ya ku London idayesa njira ina m'dera la Tower Hamlets, limodzi mwa madera osauka a mzindawo. Idayambitsa maphunziro a masiku 5 otchedwa LIFE. Achinyamata amene sukulu, apolisi kapena osamalira ana awaona kuti akulowerera ankatengedwa kupita pa siteshoni. Kumeneko ankavala zovala za ntchitoyo, kukwera makwerero, kugwira mapaipi a madzi, kuphunzira chithandizo choyamba ndi kulowa m'chipinda chamdima atavala zopumira, wina atagwira phewa la mnzake. Tsiku lomaliza ankaonetsa zimene aphunzira pamaso pa makolo awo. Mnyamata amene wadya pamodzi ndi wozimitsa moto sabata yathunthu, n'kumudziwa dzina, zimamuvuta kudzamuponyera mwala. Maphunzirowa adafalikira m'madera ena a London, ndipo nthambi zina zidayambitsa ofanana nawo.

Ku Liverpool adachita china. M'dera la Toxteth, limene lidatchuka ndi zipolowe za mu 1981, adamanga siteshoni yolumikizana ndi mabwalo a masewero a achinyamata. Ana a m'deralo amapita kukasewera mpira pamalo omwewo pamene galimoto yozimitsira moto imagona.

Kodi zidathandiza?

Ziwerengero za boma zikuonetsa kusintha kwakukulu. M'chaka cha 2003 mpaka 2004 ozimitsa moto a ku England adaitanidwa ku moto pafupifupi 470,000. Patapita zaka 10 chiwerengerocho chidali chosafika 200,000. Mu 1988 nyumba 8 zokha pa 100 zilizonse ndizo zidali ndi alamu ya utsi, pamene lero ndi zoposa 90 pa 100. Anthu ofa ndi moto pachaka tsopano ndi osafika theka la amene ankafa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Sikungakhale chilungamo kunena kuti zonsezi zidabwera ndi kugogoda m'makomo kokha. Mu 1988 boma lidaletsa kugulitsa mipando ya sofa ndi matiresi zogwira moto msanga. Malamulo a zomangamanga adayamba kukakamiza kuti nyumba zatsopano zizikhala ndi maalamu. Kuyambira mu 2011 ndudu zogulitsidwa kumeneko ndi zozima zokha munthu akasiya kukoka. Osuta nawo adachepa. Komabe lamulo lili ndi polekezera. Silingalowe m'chipinda cha gogo kukaona ngati batire la alamu lidatha, kapena kukamuuza kuti asamayanike zovala pachitofu. Ntchito imeneyo imafuna munthu amene gogoyo angamulole kulowa.

Usiku wa Grenfell

Chikhulupiriro chimene chidatenga zaka kumanga chidagwedezeka pa 14 Juni 2017. Usiku wa tsikulo firiji idayaka m'nyumba ina ya mu Grenfell Tower, chinyumba cha nsanjika 24 kumadzulo kwa London. Moto udatulukira pawindo n'kugwira malata okongoletsera amene adakutira kunja kwa chinyumbacho, omwe m'kati mwake mudali pulasitiki. Udakwera mpaka pamwamba m'mphindi zosakwana 30. Anthu 72 adamwalira, ndipo 15 mwa iwo adali a ulumali.

M'nyumba zosanja za ku England malangizo akhala akuti moto ukabuka kwa mnzako ukhale m'nyumba mwako n'kutseka chitseko, poti makoma adamangidwa kuti moto usadutse. Anthu ambiri a mu Grenfell ataimba lamya adauzidwa zomwezo, ndipo adamvera chifukwa ankakhulupirira owauzawo. Lamya yoyamba idaimbidwa nthawi ili 12:54 usiku, koma malangizowo adasinthidwa 2:47, makwerero okhawo otsikira atadzaza kale utsi. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Sir Martin Moore-Bick adayamikira kulimba mtima kwa ozimitsa moto amene adalowa m'chinyumbacho, koma adapeza kuti akuluakulu awo adachedwa kulamula kuti anthu atuluke, ndiponso kuti nthambiyo sidakonzekere ngozi yotere, ngakhale kuti moto wa ku Lakanal House mu 2009, umene udapha anthu 6, udali utapereka kale chenjezo.

Chowawa china n'chakuti anthu okhala mu Grenfell adali atadandaula kwa zaka zingapo kwa bungwe loyang'anira nyumbayo za kuopsa kwa moto, koma sadamvedwe. Ndipo usikuwo ena adapulumuka chifukwa cha anansi. Udali mwezi wa Ramadan, Asilamu ena adali maso, ndipo ndi amene adathamanga kugogoda m'zitseko kudzutsa anzawo. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Mu 2022 kafukufuku wina, wotsogoleredwa ndi loya Nazir Afzal, adapeza kuti m'nthambi ya ku London mudazika mizu mchitidwe wosala amayi ndi anthu akhungu lakuda pakati pa ogwira ntchito okhaokha. Nthambi imene imapempha kulowa m'zipinda zogona za anthu singathe kupeputsa nkhani yotere. Nthambiyi idakhazikitsanso bwalo la anthu wamba, kuphatikizapo ena okhudzidwa ndi Grenfell, loti lizimva mapulani ake ndi kuwadzudzula. Phunziro lake ndi lakuti kulangiza anthu n'kosakwanira ngati wolangizayo samva zimene anthuwo akumuuza.

Abale athu ku Johannesburg

Pa 31 Ogasiti 2023 moto udapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso pakati pa mzinda wa Johannesburg, ndipo ena mwa omwalirawo adali Amalawi. Nyumbayo idali ya khonsolo ya mzindawo, koma idasiyidwa mpaka anthu ena adailanda n'kumachititsa lendi. M'kati adagawamo tizipinda ta matabwa ndi makatoni, njira zina zothawira zidali zotseka, ndipo zida zozimitsira moto zidali zitaonongeka. Komishoni yotsogoleredwa ndi jaji wopuma Sisi Khampepe idapeza kuti khonsoloyo idadziwa za kuopsa kwa nyumbayo kwa zaka zambiri koma sidachitepo kanthu.

Anthu okhala m'nyumba zotere amawadziwa aboma ngati obwera ndi apolisi kudzagwira opanda mapepala. Wokhala moopa kuthamangitsidwa sangapite kukanena kuti geti yothawira yakhomedwa ndi loko. Zimene a ku Merseyside adapewa posiyanitsa ulendo wolangiza ndi ulendo wogwira olakwa ndi zimene zidasowa pa Usindiso.

Ku South Africa komweko kuli chitsanzo cholimbikitsa. Moto wa pa 1 Januwale 2013 ku Khayelitsha, mumzinda wa Cape Town, utasiya anthu zikwi zingapo opanda pogona, achinyamata ena ophunzira adapanga alamu yotchedwa Lumkani. Adaona kuti m'zisakasa mmene anthu amaphikira palafini ndi kuunikira makandulo, alamu ya utsi ingamangolira tsiku lililonse mpaka eni ake kuitaya. Yawoyo imamva kutentha kukakwera mofulumira, ndipo ikalira m'nyumba imodzi imadzutsanso maalamu a nyumba zoyandikana. Adaipanga motero chifukwa ankadziwa mmene anthuwo amakhalira, komanso kuti woyamba kufika ndi ndowa ndi mnansi.

Nanga kwathu kuno?

Ku Malawi ntchito yozimitsa moto m'mizinda ili m'manja mwa makhonsolo. Misika ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu yapsapo kangapo, ndipo nthawi iliyonse madandaulo amakhala omwewo: galimoto yafika mochedwa, madzi aithera panjira. N'zoona kuti magalimoto ndi ochepa, ndipo makhonsolo akuyenera kugula ena. Ngakhale ku England nkhani ya ndalama ndi yovuta, moti mu 2014 mzinda wa London udatseka masiteshoni 10. Koma zambiri zimene tafotokozazi zimafuna miyendo ndi pakamwa kuposa ndalama.

Wozimitsa moto atha kuyenda mumsika ndi komiti ya msikawo masana, kuona mawaya olumikizidwa mwachisawawa, mbaula zosiyidwa ndi makala usiku, ndi mabenchi amene atseka njira yolowera galimoto. Atha kukhala pansi ndi mafumu a m'tauni ku Ndirande, Mtandire kapena Mchengautuwa n'kugwirizana misewu imene siyenera kumangidwamo. Atha kuyendera limodzi ndi a bungwe la madzi mipopi ya m'misewu yotungirapo madzi ozimitsira moto, kuti adziwe yogwira ntchito ndi yakufa tsiku langozi lisanafike. Atha kupempha mphindi 10 kutchalitchi, kumzikiti ndi kusukulu zogonera komweko, kukakamba za makandulo a nthawi imene magetsi azima, za petulo wosungidwa m'zigubu kuchipinda, za kutsekera ana m'nyumba popita kumsika, ndi za mawindo otchingidwa ndi zitsulo opanda potulukira. Alangizi a zaumoyo amene amayenda kale m'makomo akudziwa kumene kuli okalamba ndi a ulumali, monga mmene a NHS amadziwira ku England.

Chofunika n'chakuti ulendo wotere usasanduke wolanda katundu kapena wotolera chindapusa. Wamalonda amene walandidwapo katundu ndi khonsolo sangaulule kuti magetsi a m'shopu mwake adakoka kwa mnzake, pokhapokha atatsimikiza kuti wabwerayo wadzera kudzathandiza. Ndipo anthu akadandaula kuti mpopi wa pamsika udauma, pakhale wina wolemba ndi kubwereranso ndi yankho.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Ndi angati mwa ife amene tili ndi nambala ya ozimitsa moto a mumzinda wathu m'foni? Ndi makomiti angati a misika, a sukulu kapena a mipingo amene adayamba awaitanapo popanda moto? Abale athu okhala ku Britain adziwe kuti nthambi ya m'dera lawo imapereka malangizowa ulere, ndipo imayendera nyumba zimene muli okalamba, odwala ndi a ulumali. Kwa ife a kuno, msonkhano wotsatira wa komiti ya msika kapena wa kwa amfumu ndi malo abwino oyambira: kalata imodzi yopita kukhonsolo, yopempha kuti wozimitsa moto abwere adzayende nafe m'dera lathu kunja kukuwala.